Kwa achemwali a ku Cape Town ofuna kumanga nyumba za lendi ku Lilongwe

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ku Cape Town chaka chachisanu, mwasungako kangachepe, ndipo alongo anu akupezerani poloti cha ku Area 25 yomwe akugulitsa amfumu. Mukufunsa ngati mutumize ndalama, komanso ngati mumange nyumba imodzi yaikulu kapena zing'onozing'ono. Ine ndili ku Joni konkuno, ku Johannesburg, ndipo ndili ndi zitseko zinayi za lendi ku Lilongwe, ndiye ndikuuzani zomwe ndadutsamo.

Ndalamazo musatumize kaye. Yambani mwadziwa kuti malowo mwini wake ndani. Mkati mwa malire a mzinda, malo amakhala a Unduna wa za Malo, a khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation, kapena a munthu amene ali ndi title deed. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni woti munalipira, koma siikutetezani tsiku lomwe wina adzatulukire ndi lizi ya malo omwewo. Pezani loya akafufuze ku kaundula wa malo, ndipo saveya akakuonetseni mabikoni, zizindikiro za malire a polotiyo. Zimenezi zimadya ndalama pang'ono, koma madobadoba ogulitsa poloti imodzi kwa anthu atatu amadalira anthu ngati ifeyo, okhala kutali komanso achangu. Mapepala onse alembedwe dzina lanu. Ngati simungapite, lembani power of attorney, kalata yopatsa munthu wina mphamvu yokuimirani, yonena ntchito imodzi yokhayo, osati kulembetsa malo m'dzina la m'bale poti "tidzasintha pambuyo". Imfa siipangana, ndipo ana a m'baleyo sadzadziwa zomwe munagwirizana pafoni.

Poloti yanga yoyamba ndinaiona mu Ogasiti, kouma gwa, ndinaikonda. Pofika Febuluwale madzi anali m'mawondo, kunali kudambo. Ndalama zomwe zikanagula malata zinathera m'maziko ndi ngalande, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tumani munthu akaone malowo mvula ili mkati, afunsenso oyandikana nawo. Amene tinaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu 2023 sitimanganso paliponse chifukwa pangotchipa.

Pa funso lachiwiri, ine ndili mbali ya zing'onozing'ono. Nyumba yaikulu ya kumayadi imafuna wolowa wa thumba lalikulu, ndipo akatuluka ikhoza kukhala miyezi ili gwaa, inu mukulipira mlonda. Zitseko zitatu kapena zinayi za zipinda ziwiri, mumpanda umodzi, pafupi ndi msewu wa minibasi, sizisowa anthu: aphunzitsi, anamwino, achinyamata ongoyamba ntchito. Mmodzi akachedwa kulipira, enawo amakugwirani dzanja. Khomo lililonse likhale ndi mita yake ya ESCOM yogulira mayunitsi, ndipo ngati n'kotheka ya madzinso, chifukwa mikangano yambiri pa lendi imayambira pa bilu yogawana. Pulani ipite ku khonsolo isanakumbidwe ngalande ya maziko. Ndipo malizani khomo limodzi, mulowe munthu, lendi yake izithandiza lachiwiri. Zipupa zinayi zoima pa lenta zaka zitatu sizibweretsa ngakhale tambala.

Tsono pamene pamagwera matchona ambiri ndi pomanga. Sindikunena kuti alongo anu ndi osakhulupirika, ayi. Koma munthu akasunga mamiliyoni a simenti, kunyumba kwagwa maliro, mwana wabwezedwa fizi, amabwerekako ndi mtima woti adzabweza, ndipo chibale chimathera pamenepo. Mukawasenzetsa katundu yense mwawalakwira. Gawani ntchito. Zipangizo muzilipira nokha kusitolo, lisiti libwere kwa inu. Mmisiri mugwirizane naye polemba, azilandira akamaliza gawo: maziko, windo, lenta, denga. Pakhale wina wodziwa zomangamanga, wosakhala mnzake wa mmisiriyo, amene mumamulipira kuti azikayendera. Zithunzi za pa WhatsApp musazidalire, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Imbani foni ya vidiyo mosapangana, ayende nanu kuchokera pamsewu mpaka kulowa mkati, awerenge matumba mukuona.

Muwerengenso bwino za phindu. Lendi mudzalandira mu kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo, koma wokhala m'nyumba simungamukwezere lendi motero chifukwa malipiro ake sanasinthe. Choncho mukamasintha lendiyo kukhala ma rand mudzakhumudwa. Nyumba ya kumudzi imapindula mukamaiona ngati yodyetsa amayi, yolipira fizi, ndi pofikira inu mukadzatopa ndi moyo wa kuno. Pa chifukwa chomwecho, musaunjike makwacha kudikira kuti akwane. Ndalama ikafika isanduke simenti kapena zitsulo sabata yomweyo.

Ikatha, wolowa asaine mgwirizano wonena tsiku lolipira, ndalama ya chikole, notisi, ndi amene akonza chikaonongeka. Lendi izilowa mu akaunti yanu ya kubanki, kapena pa Airtel Money kapena Mpamba ya dzina lanu, osadutsa m'manja mwa munthu. M'bale asalowemo "mongoyembekezera", kumutulutsa kwake kumafuna bwalo la banja lonse. Lendi ya mwezi umodzi pachaka muziika padera ya penti, mipope ndi kupopa zimbudzi. Pali misonkho ya khonsolo, ndipo a MRA amawerengera lendi ngati ndalama yoyenera msonkho, ndiye funsani msanga zisadzakuunjikireni.

Afunseni alongo anu nambala ya polotiyo, ndiponso ngati wogulitsayo angalole kupita limodzi ndi loya ku ofesi ya za malo. Akayamba kunena kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni agulitse kwa ameneyo. Yankho lake mudzatiuze pompano tionere limodzi.