Karate ndi chikwanje: yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Nchalo wopalasa kabaza. Akuti wayamba kuphunzira karate madzulo, koma amalume ake amamuseka kuti ndi zam'mavidiyo basi, sizingamupulumutse kwa wakuba wa chikwanje. Akufunsa ngati akungotaya nthawi.

Achimwene, amalume anu sakunama. Chomwe sanakuuzeni ndi chifukwa chake.

Tiyambire ku Japan. Asamurai, asilikali akale akumeneko, ankapita kunkhondo atavala zovala zolimba zodzitetezera, ndiye kumponyera munthu wotere chibakera kunali kudzithyola zala. N'chifukwa chake jujutsu, luso lawo lolimbana ndi manja, inakhazikika pa kugwetsa ndi kupotokola mkono. Mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi malupanga, ulemerero wa asamurai n'kutha, luso lija n'kutsala ngati khasu lopanda munda. Kano Jigoro ndiye analipezera ntchito ina: mu 1882 anatsegula sukulu yotchedwa Kodokan ku Tokyo, n'kupatula njira zovulaza kwambiri kuti anyamata azilimbana ndi mphamvu zawo zonse koma mawa adzuke ali bwinobwino. Judo inabadwa choncho.

Karate yanuyo kwawo ndi ku Okinawa, chilumba cha kum'mwera kwa Japan. Inaloŵa m'masukulu akumeneko, kenako mphunzitsi wina, Funakoshi Gichin, anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Kuima m'mizere, kuŵerenga mofuula, malamba amene anabwerekedwa ku judo, zonsezo zinakonzedwa kuti mphunzitsi mmodzi athe kusula gulu lalikulu la ana. Palibe amene ankaganiza za msewu wa ku Ngabu usiku.

Ife a kuchigwa nkhaniyi sitiyenera kuidabwa. Makolo athu Amang'anja ankadziŵa uta ndi mivi. Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1860 ali ndi mfuti, ndipo ngakhale anali ochepa anasanduka mafumu. Maina a Kasisi, Maseya ndi Katunga alipobe ku Chikwawa mpaka lero. Uta sunasiye kulasa, koma mdani anali atasintha. Onaninso Angoni kumtundaku: chishango ndi mkondo tsopano timaziona pa gule wa ngoma, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti ovinawo akutaya nthawi.

Ndiye mukakumana ndi chikwanje, siyani njinga muthaŵe. Mphunzitsi aliyense wanzeru adzakuuzani zomwezo, ndipo wokulonjezani kuti mudzalanda chikwanje ndi manja, ameneyo mumusiye. Karate ikupatsani mpweya, miyendo yolimba (wakabaza sangakane zimenezo) ndi mtima wosapupuluma wina akakukankhani padepoti.

Kafunseni aphunzitsi anu kuti mumamenyana kangati ndi mnzanu amene akubwezadi. Ngati sabata yonse imatha mukumenya mphepo yokha, apempheni awonjezere zomenyana ndi mnzanuzo, dzuŵa likapepa, poti kutentha kwa Okutobala kunoko mukukudziŵa.