Asasamuke ndi makirediti 27: yankho kwa mayi amene mwana wawo ali ku community college ku America

Mayi wina wa ku Lilongwe watifunsa za mwana wawo wamkazi amene akuphunzira ku Ivy Tech, community college (koleji ya maphunziro a zaka ziwiri) ya ku Indiana m'dziko la America, pa viza ya ophunzira ya F-1. Mwanayo watha chaka chimodzi, ali ndi makirediti 27 (makirediti ndi mapointi amene amapatsidwa akakhoza kosi) a maphunziro oyambira amene kumeneko amati general education, ndipo akufuna kukamaliza digiri ya engineering ku yunivesite ya boma. Mayiwo akufunsa kuti mwanayo asamuke pompano kapena adikire, komanso ngati zimene alipira kale m'madola zidzawerengedwa.

Mayi, asasamuke ndi 27. Chigawo cha Indiana chili ndi dongosolo lotchedwa Indiana College Core. Ndi makirediti 30 ochokera m'magulu asanu ndi limodzi: kulemba, kulankhula pagulu, masamu, sayansi, maphunziro a chikhalidwe ndi luso, ndi maphunziro a kakhalidwe ka anthu. Wophunzira akakwanitsa magulu onsewo ndi GPA (avareji ya magiredi) ya 2.0 kapena kuposa, koleji imalemba pa transcript, chikalata cha makosi ndi magiredi ake, kuti wamaliza. Ndiye yunivesite ya boma ya m'chigawomo, kaya Purdue, Indiana University, Ball State kapena Indiana State, ikamupatsa malo imalandira makirediti 30 onsewo ngati mtolo umodzi, osaumasula. Amene wafika ndi 27 alibe mtolo, ali ndi nkhuni zomwazika. Ofesi ya registrar, yosunga zolembera za ophunzira ku yunivesiteko, imatola kosi iliyonse payokha n'kumaifananiza ndi makosi ake, ndipo ina ikapanda kufanana imatsala. Choncho mwanayo apite kwa mlangizi wake wa pakoleji, amuonetse gulu limene latsala. Nthawi zina munthu amakhala ndi makirediti 33 koma gulu la kulankhula pagulu sanalikhudze, ndipo mtolowo sumangika.

Dongosololi silimulonjeza malo. Kulowa engineering kuli ndi mpikisano wakewake, ndipo amayang'ana magiredi a masamu ndi sayansi.

Apa ndiye pamene makolo ambiri amapusitsidwa ndi mawu. Yunivesite ikanena kuti yalandira kirediti, sizitanthauza kuti yaiwerengera ku digiri imene mwana akufuna. Taonani masamu. Ku Ivy Tech kuli MATH 123, masamu a moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo amakwaniritsa gulu la masamu mu mtolo uja. Koma engineering imayambira pa Calculus, imene kumeneko ndi MATH 211. Amene anatenga MATH 123 adzaiona pa pepala la yunivesite italandiridwa bwinobwino, koma ku engineering siimusunthira patsogolo. Ndipo vuto si makirediti atatu okhawo ayi. Calculus yachiwiri imadikira yoyamba, Physics ya engineering imadikira Calculus, ndipo makosi a chaka chachitatu amadikira zonsezi. Kosi imodzi yosankhidwa molakwika ikhoza kuwonjezera chaka chathunthu, ndipo chakacho mudzachilipira pa mtengo wa yunivesite wa ophunzira akunja, umene ndi wokwera kwambiri kuposa wa ku koleji. Biology imene anatenga kuti akwaniritse gulu la sayansi ndi chimodzimodzi: mtolo umaivomera, koma mapulogalamu ambiri a engineering amafuna Chemistry ndi Physics.

N'chifukwa chake timauza ophunzira kuti awerenge kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo. Atsegule tsamba la digiri imene akufuna ku yunivesite ija, alembe makosi onse a zaka ziwiri zoyamba, kenako afufuze dzina la kosi iliyonse ku koleji yake. Indiana ili ndi mndandanda wotchedwa Core Transfer Library umene umasonyeza makosi ofanana m'sukulu za boma, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi tsamba lawo loonerapo zimenezi. Tsamba la Transferology limathandizanso, koma ndi longoonetsera njira. Chigamulo chenicheni ndi cha registrar ndi dipatimenti ya kumene akupita, ndiye afunse pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Mawu a pafoni sadzamuthandiza tsiku lokangana.

Akawerengera chonchi, mwina adzapeza kuti kukhala zaka ziwiri zonse n'kumaliza associate degree ya makirediti pafupifupi 60 n'kotchipa kuposa kuchoka atangokwanitsa 30. Digiri yoyamba imakhala makirediti pafupifupi 120, engineering nthawi zambiri kupitirirako pang'ono, ndiye theka lake likhoza kulipiridwa pa mtengo wotsika. Koma aonetsetse zilembo za dzina la associate degree imene akutenga. AA ndi AS anazikonzera osamukira ku yunivesite. AAS anaikonzera wopita kuntchito, ndipo makosi ake ambiri a ntchito zamanja salowa mu digiri.

Zina zimene zimagwa m'njira n'zodziwika kale. Kosi imene anapeza giredi yochepera C, masukulu ambiri sailandira ikamayezedwa payokha, ndipo madipatimenti ena amafuna kuposa pamenepo pa makosi awo ofunika. Makosi okonzekeretsa amene nambala yake imakhala pansi pa 100, ndi ambiri a ESL, Chingelezi cha anthu a zinenero zina, amalipiridwa koma sawerengedwa. Mayunivesite ambiri amaika malire a makirediti ochokera ku community college, kawirikawiri pakati pa 60 ndi 70, ndipo amafuna kuti makirediti osachepera 30 uwachitire kwa iwo asanakupatse digiri yawo. GPA nayo nthawi zambiri siyenda nawe: amaigwiritsa ntchito posankha ophunzira, koma ukalowa umayambiranso kuwerenga pa ziro.

Kutaya makirediti si nkhani ya mphekesera. Mu 2017 ofesi ya boma la America ya GAO inapeza kuti ophunzira amene anasamuka pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi makirediti 43 pa 100 alionse. Osamuka pakati pa sukulu za boma anataya 37, koma ochoka ku sukulu zamalonda kupita ku za boma anataya 94. Ndiye wina akamamukopa mwanayo ndi kosi yotchipa ya pa intaneti ya nthawi ya tchuthi, ayambe wafunsa ngati sukuluyo inavomerezedwa ndi mabungwe monga Higher Learning Commission, ndiponso ngati yunivesite yake idzailandira.

Zonse ndanenazi zimagwira bwino akakhalabe mu Indiana ndi m'sukulu za boma. Yunivesite yoyima payokha, ngati Notre Dame, ili ndi malamulo ake. Akawoloka malire a chigawo, mtolo uja umamasulidwanso, chifukwa zigawo zina zili ndi mitolo yawoyawo. Texas ili ndi wa makirediti 42, Florida wa 36, ndipo California inayamba Cal-GETC mu 2025 m'malo mwa IGETC. Ngati akulingalira za sukulu imene imagawa chaka m'makota, monga zambiri za ku Washington ndi Oregon, kawerengedwe kamasintha: makirediti atatu a kota ndi ofanana ndi awiri a semesita, ndiye 60 ake kumeneko adzaoneka ngati 90. Asadabwe, sanawonjezereke.

Pa mapepala, yunivesite imafuna transcript yotumizidwa ndi koleji mwachindunji, kawirikawiri kudzera ku Parchment kapena National Student Clearinghouse. Imene wasindikiza yekha siwerengedwa. Atumize kawiri: pofunsira malo, ndiponso magiredi a semesita yomaliza akatuluka, ataona kuti chizindikiro cha Indiana College Core chalembedwapo. Ambiri amaiwala yachiwiriyi. Ngongole ya fizi ikhoza kuchedwetsa mapepala, ndipo podziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza m'mabanki a kwathu, muyambe msanga kukonzekera fizi ya semesita yomalizayo. Asunge silabasi ya kosi iliyonse, yosonyeza buku, mitu ya sabata ndi sabata ndi maola a labu. Lipoti la makirediti likabwera kosi ina italembedwa kuti elective chabe, kutanthauza kosi yongoonjezera, atumize silabasiyo ku dipatimenti n'kupempha kuti aiunikenso. Zimatheka kusintha, makamaka akachita asanalembetse makosi a semesita yoyamba.

Ngati anaphunzirako ku yunivesite ya kuno asanapite, kaya ku Chancellor kapena ku MUBAS, transcript imeneyo kawirikawiri imadutsa kaye ku mabungwe ounika monga WES kapena ECE, ndipo apemphe kuunika kwa kosi ndi kosi. MSCE ndi ya sekondale, siibweretsa makirediti.

Chotsala ndi viza, ndipo apa pasakhale kungoganizira. Makirediti ndi SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja, ndi njira ziwiri zosiyana. Akalandira kalata ya malo, apite nayo kwa DSO, mkulu woona za ophunzira akunja pakoleji pake, agwirizane tsiku losamutsira rekodi yake ya SEVIS. Tsikulo likhale semesita itatha, chifukwa likangokwana, chilolezo chogwira ntchito pakampasi ya kolejiyo chimatha. Yunivesite yatsopano ndiyo idzamupatsa I-20 ina, chikalata cha sukulu chimene chimayendera limodzi ndi viza yake, ndipo idzafuna umboni wa kubanki wa ndalama za chaka chimodzi pa mtengo wake, osati wa ku koleji. Maphunziro a ku yunivesite ayenera kuyamba pasanathe miyezi isanu kuchokera pamene wachoka ku kolejiyo. Ndipo ngakhale atatsala ndi kosi imodzi yokha kuti mtolo ukwane, wa F-1 amayenera kutenga makirediti 12 pa semesita, ndipo mwa amenewo kosi imodzi yokha ya pa intaneti ndi imene imawerengedwa. Malo otsalawo adzazemo Calculus, Chemistry ndi Physics. Malamulo a viza akusinthasintha masiku ano, choncho masiku onse awatsimikize ndi DSO asanagule tikiti yobwera kudzakuonani patchuthi.