Achemwali a ku Ngabu, ng'ombezo zikhale kaye m'khola

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ngabu. Dzina ndalisunga. Akuti mng'ono wawo anakhoza MSCE zaka zitatu zapitazo koma ali pakhomo. Ejenti wina wa pa WhatsApp wawalonjeza ntchito yosamalira okalamba ku UK, viza kutuluka pakatha masabata asanu ndi limodzi, bola apereke K9 miliyoni, theka lake mwezi uno. Atsibweni awo avomera kale kuti ng'ombe zinayi zipite kumsika. Funso lawo ndi lakuti: "Tikumva kuti malamulo a maviza asintha. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati ku UK kwavuta, kwina kotseguka n'kuti?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa ng'ombe zisanatuluke. Musagulitse. Khomo limene ejentiyo akukugulitsani linatsekedwa pa 22 Julaye 2025. Kuyambira tsiku limenelo boma la UK linaleka kupereka maviza atsopano kwa anthu ochokera kunja ofuna ntchito yosamalira okalamba ndi olumala. Amene anali kale m'dzikomo anawasiyira mpata wowonjezera masiku mpaka 2028, koma wochokera ku Ngabu lero alibe polowera.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti nkhani zimene mumamva za anzathu amene anapita ndi zoona ndithu, kungoti ndi zakale. Mu Febuluwale 2022, UK itatuluka m'bungwe la European Union ndiponso Covid itakokolola antchito, nyumba zosungira okalamba zinasowa anthu, ndiye boma linatsegula khomo. Anthu a ku Zimbabwe, Nigeria, Ghana ndi India anakhamukirako, Amalawi ena nawonso. Koma chiwerengero cha olowa m'dzikomo, tikachotsera otuluka, chitapitirira 900,000 pa chaka chimodzi, andale anayamba kupanikizidwa ndi ovota awo. Pa 11 Malichi 2024 analetsa osamalira okalamba kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Kenaka zinaululika kuti makampani ena ankagulitsa malo a ntchito zimene kulibe. Pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 boma linalanda ziphaso za makampani oposa 470, ndipo antchito pafupifupi 39,000 anatsala padzuwa, ali kale kwa eni, ngongole ili kumudzi. Kutseka kwa 2025 kunadzera pamenepo.

Ntchito zina za ku UK nazonso anazikweza. Mu Epulo 2024 malipiro ochepetsetsa amene bwana ayenera kukulonjeza kuti upeze viza ya anthu aluso anachoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pa chaka, ndipo mu Julaye 2025 anafika pa 41,700, ntchito zambiri n'kukhala zofuna digiri. Anamwino ndi madokotala njira yawo ilipobe, koma palinso mfundo. Malawi ali pa mndandanda wa mayiko 55 amene bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti ali ndi azaumoyo ochepa kwambiri, ndipo malamulo a UK amaletsa maejenti kubwera kudzasaka antchito azaumoyo kapena osamalira anthu m'mayiko otere. Namwino akhoza kufunsira yekha ntchito kuchipatala cha kumeneko, palibe womuletsa. Koma munthu amene akulengeza m'magulu a WhatsApp a kuno kwathu kuti akutenga anthu, waphwanya kale lamulo asanakulandireni ndi tambala yomwe.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Msuweni wanga wa ku Nchalo anali ndi njinga yamoto ya kabaza, imene anaigula atadula nzimbe nyengo zitatu. Tsiku lina masana tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa lija la Okutobala loti ngakhale mbuzi zimabisala, anatulutsa foni yake yosweka galasi n'kundionetsa kalata. Inali ndi chisoti chachifumu pamwamba, dzina lake lolembedwa bwinobwino, chidindo chofiira m'munsi. Nkhope yake inali kuwala. Ndinamufunsa kuti njinga ili kuti, iye anangoyang'ana kumbali. Anali ataigulitsa kale, ndalama atatumiza pafoni kawiri. Patatha milungu itatu, mauthenga ake kwa ejenti uja anayamba kuonetsa kachizindikiro kamodzi kotuwa, chithunzi cha munthuyo n'kuzimiririka. Mpaka lero akupalasa kabaza wa njinga yakapalasa, yobwereka. Chimene chimandipweteka n'chakuti akanandionetsa kalata ija njinga isanapite, ndikanamuuza chinthu chimodzi chokha.

Chinthucho ndi ichi. Chimene amachitcha Certificate of Sponsorship si pepala lokongola ayi. Ndi nambala imene bwana wovomerezeka amaitulutsa pa makina a boma la UK, ndipo wolipira ndi bwanayo, lamulo limamuletsa kukankhira mtengowo kwa wantchito. Mayina a mabwana onse ovomerezeka ali pa intaneti pa tsamba la gov.uk, aliyense akhoza kuona ulere. Komabe akuba amadziwanso zimenezi, amangotola dzina la kampani yeniyeni n'kulimata pa kalata yawo. N'chifukwa chake dzina likapezeka pa mndandanda, pamafunika kuifunsa kampaniyo kudzera pa nambala kapena imelo imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani ejenti.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lakuti kwina n'kuti.

Ku America musawerengereko pakali pano. Pa 20 Ogasiti 2025, Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba amene nzika zake zofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi zinayamba kuuzidwa kuti zisiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa munthu akatuluka m'dzikomo pa nthawi yake. Ndipo viza imeneyo si yogwirira ntchito. Mu Sepitembala chaka chomwecho Donald Trump analamula kuti kampani yofuna kubweretsa katswiri pa viza ya H-1B ilipire madola 100,000, kenaka mu Disembala Malawi anaikidwa m'gulu la mayiko amene nzika zake zachepetsedwa mwayi wolandira maviza ocheza, a sukulu ndi okakhazikika. Ku Canada nakonso anafinya. Kale ena ankalowa ngati alendo n'kukasintha mapepala ali komweko, koma njira imeneyo inatsekedwa pa 28 Ogasiti 2024, ndipo mwezi wotsatira anachepetsa chiwerengero cha antchito a malipiro otsika amene kampani ingatenge kunja. Chikalata chotchedwa LMIA, cholola bwana wa ku Canada kulemba ntchito munthu wakunja, chimene maejenti amakonda kuchitchula pofuna kuoneka odziwa, amalipira ndi bwana. Wina akati "bwerani ngati mlendo, pemiti tikakonza mukafika," kaya ndi dziko liti, dziwani kuti akukutumizani kukakhala mobisala.

Ku Joni ndi kumene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi kumene ana athu ambiri a m'chigwa muno amathera zina zikakanika. Agogo anga aamuna anapitako nthawi ya Wenela. Anabwerako ndi sutikesi yachitsulo ndi bulangete lolemera loti ku Nsanje kuno silinagwirepo ntchito ngakhale mu Juni, linkangokhala chionetsero. Masiku amenewo ntchito inali yoopsa, malipiro ochepa, koma panali mgwirizano wa maboma, munthu ankadziwika kumene ali. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kudzathera mu 1988. Chichokereni nthawi imeneyo Mmalawi amapita ku Joni payekha.

Pasipoti yathu imatilola kulowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, kokacheza, osati kokagwira ntchito. Ukapitirira nthawiyo ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukaposa pamenepo zaka zisanu. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anapatsidwako mapemiti apadera, ife sitinapatsidwepo. Mu Okutobala 2024 boma la kumeneko linayambitsa njira yowerengera mapointi pa viza ya ntchito: maphunziro, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwira ntchito, zonse zikwane 100. Kwa injiniya kapena mphunzitsi wa ku yunivesite zinthu zapepukako. Kwa mtsikana wa MSCE wofuna ntchito ya m'nyumba kapena ya m'shopu palibe chasintha, kupatula kuti kusaka anthu opanda mapepala kwakula. Zopatsira pasipoti anthu a mabasi kuti akakudinditsire kumalire zija zagwetsa ambiri, chifukwa chidindo chikakhala chabodza mlandu ndi wa mwini pasipoti. Mathero ake amakhala ku Lindela, kumalo otsekerako alendo opanda mapepala, kudikira basi yobwerera kumudzi chimanjamanja. Sindikunyoza amene ali kumeneko, ena a iwo ndi amene amangira makolo awo nyumba za malata madzi atakokolola zakale. Ndikungofuna kuti wopita adziwe chimene akulowamo.

Mudzamvanso za ku Israel ndi mayiko a Aluya. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka pa ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili m'kati. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno atapezeka akugwira ntchito pamalo ophikira buledi, atachoka kuminda kumene viza yawo inawamangirira. Ku Oman, amayi athu ambiri amene anapita kukagwira ntchito za m'nyumba anachita kupulumutsidwa, atalandidwa mapasipoti, ena atazunzidwa moti sizineneka. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limaika chilolezo cha wantchito m'manja mwa bwana wake. Qatar inalifewetsa mu 2020, n'kuika malipiro ochepetsetsa a mariyali 1,000 pamwezi. Saudi Arabia inasinthako mu 2021, koma kusinthako sikunakhudze antchito a m'nyumba, amene ndi ntchito imene atsikana athu amaitanidwira.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti atsibweni amvetse. Viza ya ntchito pafupifupi kulikonse ndi chingwe chomangirira munthu kwa bwana mmodzi. Ngakhale ku UK komweko, bwana akalandidwa chiphaso wantchito amapatsidwa masiku 60 oti apeze wina kapena atuluke. Tsono taganizani mwana amene wapita ng'ombe zinayi zitagulitsidwa, mwinanso ndi katapila pamwamba. Bwana akamuchitira nkhanza adzayankha? Adzapirira zosapiririka poopa kubwera kudzayang'ana khola lopanda kanthu. Ngongole ya ulendo ndi imene imasandutsa wantchito kapolo. Lamulo lathu la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limawerenga kunyenga munthu ndi lonjezo la ntchito n'cholinga chomudyera masuku pamutu ngati mlandu, ndipo mukhoza kukanena kupolisi.

Kodi ndiye kuti dziko lonse latseka? Ayi. Mayiko olemera akukalamba, akufunabe manja, kungoti tsopano akusankha: akufuna pepala la luso, chilankhulo, kapena mgwirizano wa boma ndi boma. Germany inayambitsa Chancenkarte pa 1 Juni 2024, chilolezo chokasaka ntchito kwa chaka chimodzi kwa munthu amene ali ndi digiri kapena maphunziro a ntchito yamanja a zaka zosachepera ziwiri ovomerezeka kwawo, wodziwa Chijeremani choyambira kapena Chingerezi chokhwima, komanso wokhala ndi ndalama zodzisamalira. Mu Sepitembala 2024 inasainirana ndi Kenya mgwirizano wa antchito. Njira zotere ndi zazitali, zaka ziwiri kapena zitatu, koma palibe amene amakuuza kuti ugule ntchito.

Ndikudziwa chimene chikukukankhani, achemwali. Namondwe Ana anatimenya mu 2022, namondwe Freddy mu 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, chilala n'kudzatsatira mu 2024. Munthu ukaona dimba litakwiririka ndi mchenga kawiri, mawu a ejenti amakoma ngati madzi a mumtsuko. Koma ng'ombe zimene zinapulumuka zonsezi ndi zimene zikugwira banja lanu.

Zikanakhala zanga, ndikanagulitsa imodzi yokha, ndipo osati chifukwa cha ejenti. Ndikanalipirira mng'ono wanuyo sukulu ya unamwino yovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi ngati mapointi ake akulola, apo ayi luso lamanja la pansi pa TEVETA, chifukwa pepala limenelo ligwira ntchito ku Ngabu komweko, ku Blantyre, ngakhale kunja khomo likadzatseguka. Pasipoti akapangitse yekha ku ofesi ya Immigration, osadzera kwa madobadoba, ndipo asaipereke m'manja mwa munthu aliyense. Za ntchito za kunja zodzera m'boma mukafunse ku ofesi ya zantchito pa boma ku Chikwawa, mupite awiri ndi atsibweni kuti akamve okha.

Ejentiyo musakangane naye. Mulembereni modekha kuti akuuzeni dzina la kampani yolemba ntchitoyo, malo amene ofesi yake ili kuno ku Malawi, ndi mtundu wa viza imene mng'ono wanu adzalowere, poti ya osamalira okalamba inatsekedwa pa 22 Julaye 2025. Chimene ayankhe munditumizire pa imelo yomweyi, tidzachiwerengere limodzi tsiku la msika lisanafike.