TIFUNSENI: Zopalasa njinga m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya njinga za magiya zija anthu akuzitchula kuti za mauntini, nde ndasankhapo anayi. Enanu musadandaule, mafunso anu akufanana ndi omwewa.

FUNSO: Achimwene, ndimagwira ntchito pa boma la Dedza pompano. Ndinagula njinga ya mauntini ya kaunjika ku Lilongwe, ya magiya 21, koma chigulireni ndimangoyenda nayo pa tala kupita kuntchito nkubwerako basi. Pa YouTube ndimaona anthu akutsika mapiri m'tinjira tokonzedwa bwino. Kuno kwathu zoterezi zilipo? Ndiyambire pati? Wowerenga, Dedza boma.

YANKHO: Achimwene anga, zija mukuona pa YouTube ziikeni kaye pambali. Kunjako amachita kulambula njira ya njinga zokhazokha, pokhota amaundapo dothi kuti tayala ligwire, amaikamo zikwangwani, ndipo woyenda pansi simungakumane naye. Kuno njira zathu ndi za anthu, ina ya kudimba, ina ya kuchigayo, ina ya amayi otola nkhuni, ina ya a zankhalango. Koma musaone ngati mwaluza ayi. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, tauni yokwera kuposa apa m'Malawi muno mulibe, ndipo phiri mukuliona tsiku ndi tsiku kuseri kwa msikalo nsonga yake ikufika mamita pafupifupi 2,200. Ndiye kuti kuchoka m'tauni kukafika pamwamba mukukwera mamita ngati 600, zimenezi si zamasewera.

Nchifukwa chake ndikuti phirilo lisakhale loyambira. Masabata awiri atatu oyamba tengani msewu wodutsa ku Dedza Pottery kulowera ku Chongoni, mbali ya sukulu ya zankhalango ija. Uli ndi zitunda zoti mwendo umva koma zimatha msanga, mumapuma pa mtsetse, ndipo anthu amadutsadutsa moti njinga ikavuta simusowa wokuthandizani. Kumeneko nkumene muphunzirire magiya. Ambiri amalakwitsa apa: amadikira chitunda chiwalemere kenako nkumasintha giya uku akuponda pedulo ndi mphamvu zonse, tcheni imalira kuti khwaa, mawa lake yaduka. Sinthani musanalowe m'chitunda, miyendo izizungulira mopepuka ngakhale muzioneka ngati simukusuntha. Ndipo pa chitunda cha timiyala musaimirire, khalani pa chishalo, mukangodzuka tayala lakumbuyo limapepukidwa nkuyamba kupalasa fumbi pamalo amodzi.

Mukazolowera, nde kwerani phiri la Dedza potsata msewu wafumbi wopita ku nsanja za mafoni zili pamwambazo. Ndi nkhalango ya boma imeneyi, dutsani kaye ku ofesi ya zankhalango mukawauze, adzakuuzaninso mbali imene akucheka matabwa kuti musakakumane ndi lole pokhota. Pena mudzatsika nkumakankha, kankhani, aliyense amene anakwerapo phiri limeneli anakankhapo. Nyamukani mmamawa, madzi mabotolo awiri, kachakudya m'thumba, ndi juzi chifukwa pamwamba paja mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa maka mukakhala mwatuluka thukuta. Kukayera bwino mumaona mapiri a ku Mozambique uko, ndi M1 ikukhotakhota pansi ngati ulusi. Chimene chimandiwawa ine ndi paini, malo ena amene kale tinkapalasa mumthunzi wokhawokha pano ndi zitsa basi.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale mu Juni ndi Julaye nkhungu imatha kutseka phiri lonse osaona ngakhale mtengo uli patsogolo panu. Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi moto wolusa. Nthawi ya dzinja katondo wathuyu amaterera ngati sopo komanso amamatirira ku tayala mpaka wilo kukana kuzungulira, ine miyezi imeneyo ndimatsata misewu ikuluikulu basi.

FUNSO: Tilipo anyamata asanu, tikufuna wikendi ina tidzatsike Khwekhwerere pa njinga mpaka ku Golomoti, mwina nkufika ku Mua. Mnzathu wina akuti bola tichotse mabuleki akutsogolo chifukwa ndi amene amagwetsa munthu. Nzoona? Wowerenga, Ntcheu.

YANKHO: Ayi, ayi ndithu, mnzanuyo mumuuze kuti asayerekeze. Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwenikweni, chifukwa mukamatsika kulemera konse kumathamangira ku tayala lakutsogolo, lakumbuyo limangotsala lopepuka, mukalimanga lokha limangokhwekhwereza osaima. Chimene chimagwetsa munthu ndi kuifinya mwadzidzidzi thupi lili kutsogolo. Tsitsani chishalo pang'ono, bwezani thupi kumbuyo, mikono isaume, ndipo mugwire mabuleki onse awiri mofewa musanafike pokhota, osati muli kale pakati pa kona.

Msewu umenewu umachoka pa M1 pa Masasa nkutsika chiphompho chonse mpaka kuchigwa cha kunyanja, mumatsika mamita pafupifupi 1,000 ndipo makona ake ena ndi obwerera mmbuyo kumene mwachokera. Ndi wa tala, eya, koma vuto lake ndi kutalika kwa mtsetse. Njinga zambiri za kaunjika zili ndi mabuleki a labala ogwira pa limu, nde mukawagwira osasiya kwa nthawi yaitali limu imatentha, labala amafewa, mpweya m'chubu umafufuma. Ine zinandichitikira komweko zaka zapitazo, ndinatsika theka la phiri nditafinya mabuleki osapumitsa, chubu chakutsogolo chinaphulika nditangotuluka pa kona, mwayi wake ndinali nditachepetsa liwiro ndipo kumbuyo kunalibe galimoto. Limu ija sindinathe kuigwira ndi dzanja. Chiyambire tsiku limenelo ndimagwira nkusiya, kugwira nkusiya, ndipo ndimaima kawiri katatu kuti zizizire, poimapo mpamenenso mumaiona bwino nyanja. Mabuleki a madisiki, ogwira pa kachitsulo kozungulira pakati pa wilo, nawo amatentha, amayamba kununkha nkumagwira mofooka, mukamva fungo limenelo imani.

Musananyamuke onani malabala a buleki ngati sanathe, waya ngati sanayambe kuthothoka, ndi mawilo ngati amangidwa bwino. Helemeti aliyense, osati chipewa cha nsalu. Musatsike mothithikana, siyanani mpata waukulu, ndipo pokhota khalani mbali yanu yakumanzere chifukwa ma minibasi ndi malole okwera amadula kona. Kuli mbuzi, kuli ana, kuli anzathu onyamula makala amene njinga yawo singaime msanga.

Pansi kukatentha kwambiri kusiyana ndi kumene mwazolowera, madzi achuluke. Ku Mua pitani ndithu, mukafika pa Golomoti mumatenga M5 kulowera ku Salima. Mishoni ija inayamba mu 1902 ndipo pali Kungoni, malo a zachikhalidwe amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, muli za Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma pobwerera mugwirizane kale, amene watsika Khwekhwerere ndi chimwemwe akamabwerera masana dzuwa lili pamutu amalira, sungani ya transipoti yoti mukweze njinga.

FUNSO: Malume, ine yanga ndi njinga wamba yonyamulira kachewere, yopanda magiya. Ndingalowe nawo gulu la opalasa m'mapiri kapena andiseka? Mnyamata wa ku Lizulu.

YANKHO: Mphwanga, amene angakuseke sadziwa kanthu. Iwe amene umakwera zitunda za kumeneko ndi thumba pa keliyala uli ndi mwendo woposa ambiri a ife, ndipo tinjira tachidule ta ku Tsangano ndi m'mapiri a Kirk Range amene amatidziwa ndi inuyo, ife timachita kufunsa. Chongoti mabuleki a ndodo aja sapirira mtsetse wautali, potsetsereka kwambiri tsika uyende nayo, ndipo zoponda tayala ndi patapata zija usiye. Yambani ndi anzako mbali ya nkhalango ya Mvai kufupi ndi damu la Mpira. China, kwanuko malire ndi msewu womwewo, kanjira kena ukangokhota uli kale ku Mozambique osadziwa, chiphaso chizikhala m'thumba.

FUNSO: Bambo, ine ndi amuna anga timakhala ku Lilongwe koma timakonda kubwera ndi njinga ku Dedza. Ulendo wathawu tikupita kukaona zojambula za pamiyala tinakumana ndi gule panjira, tinasokonezeka, amuna anga anangopalasa mwamphamvu kudutsa pakati ndipo anthu anakwiya. Tikanatani? Mayi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, zikomo pofunsa, ambiri safunsa. Anthu aja anakwiya ndi chifukwa. Mukaona gule akubwera, tsikani pa njinga, patukani m'mbali mwa njira, mudikire adutse. Musajambule ndi foni musanapemphe kwa amene akuyenda naye, ndipo ngati muli ndi kandalama ikani pansi, osapereka pamanja. Akadutsa nde kwerani. Chimodzimodzi mukapeza maliro, mukaona masamba aikidwa pamsewu tsikani muyende chokankha mpaka mutapitirira masamba enawo. Komanso kanjira kolowera m'kankhalango kowirira pafupi ndi mudzi musakatsate chifukwa choti kakuoneka kokoma pa njinga, nthawi zambiri amakhala manda, ndipo kwa Achewa kumeneko nkomwe kumakhala dambwe, munthu wosalowa safikako. Funsani, moni sagula, mukangoti "zikomo, njira iyi ikutuluka kuti?" anthu a kuno amakulondolerani mpaka mwana kukuperekezani.

Ndimalimbikira zimenezi chifukwa njinga za mauntinizi zimathamanga mwakachetechete, mayi wosenza nkhuni sangatembenuke msanga, nde ngati tizidutsa anthu ngati mphepo, tsiku lina mfumu idzangoti njinga zisamadutse m'mudzi muno, ndipo idzakhala ikunena zoona. Belu muikepo, kapena kuwani odi muli patali.

Za zojambulazo, mwasankha bwino. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula ndi Akafula, anthu osaka amene anali kuno kalekale, zoyera zija ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana zina za nyau, nde mukuona kuti gule munakumana nayeyo ndi zimene munkapita kukaonazo ndi nkhani imodzi. Malo ofikika bwino ndi Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Njinga isiyeni pansi pa phiri kwa munthu, mukwere wapansi ndi wokulondolerani wa komweko ndipo mumupatse kangachepe. Pamwala musakhudze, musathirepo madzi kuti chithunzi chiwale, utoto umenewo ukachoka wachoka. Ku Mphunzi nkotalikirapo ndipo msewu wake ndi wafumbi, nyamulani pampu, chubu chapadera, zigamba ndi sulushoni, ndipo munyamuke pa boma isanakwane 7 koloko kuti mubwerere kusanade.