Launcher ya makolo athu pa foni yotchipa: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Pa imelo pabwera funso lochokera kwa achimwene ena a ku Mufakose amene amakonza mafoni m'tauni muno mu Harare. Akuti: "Ndikupanga launcher ndi Kotlin yoti makolo athu aziona zizindikiro zikuluzikulu ndi mawu a Chichewa, komanso munthu azisintha maonekedwe mmene akufunira. Pa Samsung yatsopano mapulogalamu sakuoneka, pa itel yakale foni ikumangouma. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, ntchito mwaigwirayi ndi yofunika, chifukwa launcher ndi pulogalamu imene imaonetsa tsamba loyamba la foni ndi zizindikiro zotsegulira mapulogalamu ena. Agogo ambiri a ku Mbare, ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa ali ndi foni m'manja koma amadikira mdzukulu kuti abwere kusukulu adzawatsegulire WhatsApp yolankhulira ndi abale kumudzi. Mavuto anu awiriwo ali ndi magwero odziwika, ndipo onse amakonzeka.

Tiyambe ndi maziko. Launcher ndi Activity wamba, kutanthauza tsamba limodzi la pulogalamu ya Android, kungoti mu AndroidManifest, fayilo yofotokozera Android za pulogalamu yanu, mumaipatsa intent-filter yokhala ndi action MAIN ndi category ziwiri, HOME ndi DEFAULT. Ikaninso launchMode kukhala singleTask, apo ayi nthawi iliyonse munthu akadina batani lobwerera kunyumba pamabadwa kope lina pamwamba pa linzake. Kudinako kuzifikira mu onNewIntent, ndipo mmenemo muzingobwezera tsamba loyamba. Batani lobwerera m'mbuyo lisatseke launcher, chifukwa kuseri kwake kulibe kanthu. Kuti chithunzi cha mwini foni chizioneka kumbuyo, mu theme ikani windowShowWallpaper kukhala true ndipo windowBackground ikhale yoonekera mkati ngati galasi (transparent).

Tsono za Samsung ija. Kuyambira pa Android 11, pulogalamu siloledwanso kuona mapulogalamu ena onse a m'foni pokhapokha itaneneratu zimene ikufuna kuona. N'chifukwa chake queryIntentActivities ikukubwezerani mndandanda wosakwanira. Mu manifest onjezani gawo la queries, mkati mwake muike intent ya action MAIN ndi category LAUNCHER. Basi. Mudzapeza ena akulangiza kupempha QUERY_ALL_PACKAGES, koma Google Play imafuna kuti mufotokoze chifukwa chake musanaloledwe, pomwe launcher yangati yanuyi ingathe kugwira ntchito popanda chilolezo chimenechi. Ndingakulangizeninso kuti mndandandawo muziutenga ndi getActivityList ya LauncherApps, imene ilipo kuyambira Android 5.0. Ubwino wake ndi wakuti ili ndi Callback yokuuzani pulogalamu ikaikidwa, ikachotsedwa kapena ikasinthidwa. Musadalire receiver yolembedwa mu manifest pa zimenezi, kuyambira Android 8.0 uthenga wa PACKAGE_ADDED sufikanso kudzera njira imeneyo.

Vuto la itel ndiye lalikulu, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Mosakayika mukutenga dzina ndi chizindikiro cha pulogalamu iliyonse pa main thread, mzere wa ntchito umene umajambula pa galasi ndi kuyankha chala cha munthu, mkati mwa onCreate. Chizindikiro chilichonse foni iyenera kukachifukula mu APK, fayilo ya pulogalamu, ya mwini wake. Mapulogalamu 80 pa foni ya RAM ya 1GB, ntchitoyo imatenga nthawi, ndipo foni ikapanda kuyankha chala cha munthu kwa masekondi 5, Android imatulutsa uthenga woti pulogalamu yaima. Sunthirani ntchito yonseyi mu coroutine pa Dispatchers.IO. Onetsani kaye mayina, zizindikiro zizibwera pambuyo chimodzichimodzi mu RecyclerView.

Kenako werengani malo. Bitmap ya ARGB_8888 imadya mabayiti 4 pa pixel iliyonse. Chizindikiro cha 192 ndi 192 ndiye 144KB, ndipo zikakhala 100 mwamwaza kale 14MB. Koma pa foni ya xhdpi, pomwe dp imodzi (muyezo wa kukula pa galasi) ndi ma pixel awiri, chizindikiro cha 48dp chimangofuna 96 ndi 96, amene ndi 36KB. Choncho jambulani chizindikiro chilichonse kamodzi pa kukula kwenikweni kumene chidzaonekere, muchisunge mu LruCache yokhala ndi malire, china muchilembe ngati fayilo mu cacheDir. Chifukwa cholembera mu fayilo n'chakuti pa foni yochepa RAM, agogo akangotsegula vidiyo ya maliro kapena ya ukwati imene atumiziridwa, Android ikhoza kupha launcher kuti ipeze malo. Akabwerera, launcher imayambanso kuchokera pa ziro, ndipo iyenera kudzuka msanga. Muziyesa zimenezi mwadala: mu Developer options yatsani "Don't keep activities", imene imapha Activity yokha osati pulogalamu yonse, mulowe ndi kutuluka kakhumi.

Pa zizindikiro pali kamsampha kena. Kuyambira Android 8.0 zambiri ndi AdaptiveIconDrawable, ya magawo awiri a 108dp, ndipo chooneka ndi 72dp ya pakati. Mukaiyesa BitmapDrawable pulogalamu imagwa pomwepo. Ijambuleni pa Canvas ndi setBounds ndi draw, njira imeneyi imalandira mtundu uliwonse.

Za kusintha maonekedwe, maganizo anga ndi akuti muchepetse. Anthu amene mukuwapangira safuna masamba asanu a zosankha. Zinthu zinayi n'zokwanira: kuchuluka kwa zizindikiro pa mzere, 2 kapena 3 kapena 4, kukula kwa zilembo, kubisa mapulogalamu osagwiritsidwa ntchito, ndi kuika nkhope za abale oimbiridwa kawirikawiri pa tsamba loyamba. Chachisanu chimene ambiri amaiwala ndi loko. Chala cha munthu wamkulu chimakhalitsa pa galasi, foni n'kumaganiza kuti akufuna kusuntha chizindikiro, mawa lake WhatsApp yasowa. Kusintha kulikonse kuzidutsa pa khomo limodzi lotsegulidwa ndi mdzukulu. Malo odina asachepere 48dp, ndipo kwa makolo 72dp ndi bwino. Zilembo muziyeza ndi sp kuti zizitsatira kukula kumene mwini foni anasankha.

Posunga dongosolo, lembani ComponentName ndi malo ake mu Room, nkhokwe yosungira deta m'foni, osati nambala ya pa mndandanda, chifukwa nambalayo imasintha pulogalamu imodzi ikangochotsedwa. Pulogalamu ikazimiririka kwakanthawi, monga yokhala pa memori khadi foni ikangoyaka kumene, malo ake musawafufute. Dikirani onPackagesAvailable.

Mawu a Chichewa aikeni mu values-ny, a Chishona mu values-sn, popeza m'nyumba zambiri kuno zilankhulo ziwirizi zimayendera limodzi. Koma mafoni ambiri alibe Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo, ndiye kusankha chilankhulo kukhale mkati mwa launcher, kudzera mu setApplicationLocales ya AppCompatDelegate. Dziwaninso kuti mayina a mapulogalamu a eni ake sadzamasulirika okha. Lolani munthu alembe dzina lake, kamera ikhale "Kujambula", foni ikhale "Kuimba".

Ma widget, timabokosi ta mapulogalamu ena tokhala pa tsamba loyamba, asiyeni kaye. Amafuna AppWidgetHost, chilolezo cha mwini foni, ndi kusamala ma ID amene satayika okha. Nthawi ndi tsiku mungazionetse ndi TextClock yokha.

Popempha kuti launcher yanu ikhale yokhazikika, pa Android 10 kupita m'tsogolo gwiritsani RoleManager ndi ROLE_HOME, pa akale tsegulani ACTION_HOME_SETTINGS. Ndipo musanaike pa foni ya kasitomala aliyense, ganizirani tsiku limene launcher idzagwe poyamba penipeni. Android idzaidzutsanso, idzagwanso, foni n'kusanduka mwala m'manja mwa agogo. Werengani kugwako mu SharedPreferences, polemba ndi commit: ikagwa katatu motsatizana, iyambe ndi mndandanda wa mayina okhaokha wopanda zithunzi, pamwamba pake batani lopita ku Settings. Launcher yobwera ndi foni musaichotse, ndi imenenso pa mafoni ambiri imasonyeza mapulogalamu otsegulidwa posachedwa.

Mukafuna kuona mmene ena anachitira, Launcher3 ya mu AOSP, code ya Android yeniyeniyo, ndi KISS Launcher zili poyera kuti aliyense awerenge. Yambani ndi KISS, ndi yaing'ono. Ndipo poyesa, emulator, foni yoyerekezera ya pa kompyuta, ikhale yachiwiri. Yoyamba ikhale itel yomwe ija, yodzaza zithunzi, batire ili pa 15%.