Za poloti ija ya ku Masasa

Funso la msuweni pa gulu la banja: "Nanga atachimenti ikuyenda bwanji, a akitekiti athu?"

Eeh, msuweni, ndamva. Ati "a akitekiti athu." Iwe? Chilowereni changa ku MUBAS sunandifunsepo ngakhale za mayeso, lero wandikumbuka? Ndikudziwa, ndi poloti ija ya ku Masasa ku Mzuzu. Azakhali anandiuza kale, usanamizire. Ukufuna pulani ya nyumba yaulere.

Chabwino, ntchito ikuyenda. Masiku ambiri ndimakhala pa kompyuta kujambula masitepe ndi zimbudzi pa AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, zinthu zomwe akuluakulu safuna kugwira. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimapita ku saiti, kuwerenga matumba a simenti. A folomani amanditcha kamwana ka mapepala. Koma kumeneko ndi komwe ndikuphunzira zenizeni. Tikumanga ndi mabuloko a dothi, aja amasakaniza dothi ndi simenti pang'ono n'kuwapana pa makina. Sawotcha ayi, amangowathirira madzi mpaka alimbe. Paja kuyambira 2018 malamulo omwe linaika bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC salola njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu, nkhani yake ndi ya mitengo. Ndipo ukaona mmene Chikangawa yayerera... iyayi dikira, ndisapite kumeneko, ndiyamba kulalikira.

Ukukumbuka uvuni wa amalume aang'ono? Chaka chija agogo anagonekedwa m'chipatala. Ayi, chisanafike chimenecho, pamene njinga ija inabedwa. Eya. Anaumba njerwa mwezi wathunthu, ife tikutunga madzi, iwe ukungodya nzimbe pa chulu ati mutu ukuwawa. Nkhuni zitachepa anagwetsa mtengo wa mango wa agogo uja, wa maboloma, agogo ali ku tchalitchi. Atabwera anangoima pa chitsa paja osalankhula. Mpaka lero nkhaniyo sitchulidwa pamaso pawo, ndiye amene ali nawo pafupi asakweze foni.

Ndiye amalume anazengereza kuyatsa, ati akudikira ndalama ya fodya ya mnzawo uja. Anayatsa mvula itayandikira. Usiku wachiwiri inagwa, ndipo ukuidziwa ya kuno, siichita manyazi. Iwo ali pakamwa pa uvuni ndi lata limodzi pamutu, akukankha zipika, akukuwa kuti tibweretse mapepala a pulasitiki. Pulasitiki pa moto! Pophwasula, za mkati zinapsa mpaka kuda ngati makala, za kunja zidina zenizeni, ukaigwira ikunyenyeka m'manja. Iwo ati vuto ndi chikombole chomwe anabwereka. Chikombole, amalume! Pepani ngati mukumva, ndimakukondani.

Anamanga nazobe. Koma tsono, apa ndi pomwe ine ndazindikira posachedwapa, njerwazo sizinali vuto lalikulu. Nyumba anaiika m'munsi mwa chitunda, opanda ngalande, maziko ofika m'bondo osakwana, pepala loletsa chinyezi osaika, malata othera pakhoma penipeni opanda khonde. Madzi onse a kumtunda ankabwera kudzagona kuseri kwa chipinda chawo. Mvula ya mu Epulo 2016 ija, imene inagwetsa nyumba zambiri ku Masasa komweko, khoma lakumbuyo linangokhala pansi. Mwayi anali atapita kukamanga mbuzi.

Ndiye ndimati chiyani... eya. Ndamva kuti wayamba kale kufunsa mitengo ya njerwa. Usagule. Usagule kanthu ndisanaone polotiyo. Ndikufuna ndikaime pamenepo mvula ikugwa ndione madzi akulowera kuti, nditape dothi ndiike m'botolo la madzi, ndikhutchumule, likadikha tione mchenga ndi wochuluka bwanji, dongo ndi lochuluka bwanji. Likakhala labwino, mabuloko tiumbira pompo, ndalama ya thiraki ya njerwa isanduka ya khonde lalikulu ndi thanki yokolola madzi a padenga. Mawindo a pabalaza tiwayang'anitsa kumpoto kuti dzuwa la mu Juni lizilowa, paja iwe ukazizidwa umavala masokosi a alamu.

Pulani ndijambula, inde, usadandaule, ngakhale kusaina sindingasaine, ndikadali mwana wa sukulu, tikapeza wovomerezeka aione isanapite ku khonsolo. Koma madzi kaye, njerwa pambuyo. Wamva?

Loweruka ndilipo. Unditumizire ya kabaza, ndipo kondowole ukonze, osati tiyi wopanda mkaka ngati ulendo uja. Ndipo ngati wapereka kale dipoziti kwa munthu wa uvuni, kamuuze adikire, ndisanafike pasatsike njerwa ngakhale imodzi.