Kagalimoto ka gofu ka malemu atsibweni: tiyambire pati pokadzutsa?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, ndipo poti funso lawo silingayankhidwe ndi mizere iwiri, andilola kuti ndiwayankhire pano. Atsibweni awo anagwira ntchito zaka zambiri pa bwalo lina la gofu ku Joni, ndipo atapuma anabwerako ndi kagalimoto ka gofu koyendera mabatire, kamene ankazungulira nako kumunda kwawo miyendo itayamba kuvuta. Atatisiya, akubanja pogawa katundu anakapereka kwa mayiwa. Kakhala zaka zinayi pansi pa mtengo wa mango, matayala anaphwa, mpando unang'ambika. Kutsogolo kwake kunalembedwa kuti Club Car, pansi pa mpando pali mabatire asanu ndi limodzi, ndipo nambala yake imayamba ndi A92. Akufunsa ngati kangadzukenso, komanso ngati ayambe ndi kugula mabatire kapena kukatengera kwa openta.

Mayi, pepani ndi imfa ya atsibweni. Yankho langa ndi lakuti kagalimotoko kakhoza kudzuka, koma musayambe ndi chilichonse mwa ziwiri mwatchulazo. Penti ndi yomalizira, ndipo mabatire ndiwo adzadye gawo lalikulu la ndalama zanu, choncho si nzeru kuwagula musanatsimikize kuti zina zonse zili moyo. Pali njira yotsimikizira zimenezo osawononga ndalama zambiri.

Nambala mwanditumizirayo yandiuza zambiri. Kampani ya Club Car, imene ili ku Augusta m'chigawo cha Georgia ku America, imalemba chaka m'manambala awiri otsatira chilembo choyamba, ndipo awiri otsatirawo amanena sabata imene kagalimotoko kanapangidwa. Ndiye kuti kanuko ndi ka 1992, ka mtundu umene amautcha DS, koyendera magetsi a 36V ochokera m'mabatire asanu ndi limodzi a 6V olumikizidwa mondondozana. Muzisunge zimenezi pa pepala, chifukwa aliyense wogulitsa zipangizo adzayamba wakufunsani chaka ndi mtundu. Mwachita mwayi pa chinthu chimodzi: felemu ya DS ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri monga imachitira yachitsulo ya E-Z-GO, kampani inzake ya mumzinda womwewo imene inayamba mu 1954. Ndaonapo timagalimoto ta felemu yachitsulo tokongola kunja, koma ukalowetsa sikuludiraiva pansi pa mabatire imangobowola ngati pa dzungu lowola.

Komabe aluminiyamu naye ali ndi mdani wake, ndiye asidi wa m'mabatire. Choncho ntchito yoyamba ndi kutulutsa mabatire akalewo ndi kuona malo amene anakhala. Musanamasule waya ndi mmodzi yemwe, jambulani ndi foni mmene mawaya alumikizidwira, mbali zonse, chifukwa pakapita mwezi simudzakumbuka kuti uyu anachoka pati. Vulani mphete ndi wotchi, valani magolovesi ndi chotchinga maso, ndipo sipanala muikulunge ndi tepi kusiya kukamwa kokha. Batire yooneka yakufa imathabe kuthetheka moto woti n'kusungunula chitsulo sipanala ikagunda mitu iwiri nthawi imodzi. Funani anyamata okuthandizani kunyamula, pakuti batire imodzi ya mtunduwu imalemera pafupifupi makilogalamu 28. Mukatulutsa, sungunulani soda wophikira m'madzi ndi kuthira pamene pali ufa woyera kapena wobiriwira. Pamachita thovu, ndipo thovu likaleka ndiye kuti asidi watha mphamvu. Tsukani, umitsani, kenako yang'anani bwino ngati zitsulo zonyamula mabatire zadyeka kapena zang'aluka. Zikakhala zodyeka pang'ono, owotcherera aluminiyamu akhoza kukonza, koma si aliyense wowotcherera mageti amene angathe ntchito imeneyi.

Za mabatire akalewo musadzivutitse nazo. Batire ya mtovu ikakhala yopanda moto miyezi yambiri, pa timbale ta m'kati mwake pamaundana zinthu zolimba zimene sizisungunukanso ngakhale muitchaje sabata yathunthu. Zaka zinayi ndi zambiri kwambiri. Adzabwera ena kukuuzani kuti akhoza kuwadzutsa pokhuthula asidi wakale ndi kuthira watsopano, ndipo mita yoyezera magetsi idzaonetsadi nambala yosangalatsa, koma mukadzangokwera kamtunda kamodzi moto wonse udzathera pomwepo. Agulitseni kwa ogula mabatire akale ali osakhuthula, ndipo asidiyo asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba, chifukwa muli mtovu umene ndi woopsa makamaka kwa ana.

Tsopano pa chiyeso chenicheni. Kwezani kumbuyo kwa kagalimotoko ndi jeke kufikira matayala onse awiri atasiya nthaka, ndipo mukakhazike pa zitsulo kapena pa zipika zolimba, osati pa njerwa. Zunguzani tayala ndi dzanja kuti mumve ngati likuyenda momasuka. Likakana, kawirikawiri ndi mabuleki amene agwirana ndi dzimbiri, ndipo amamasuka mukachotsa tayala ndi kumenya pang'ono pa dilamu ya buleki ndi nyundo. Kenako chotsani zisa za makoswe, masamba a mango ndi nyumba za mavu, makamaka pozungulira mawaya okhuthala opindidwa ngati masipuling'i amene ali chakumbuyo. Amenewo ndi amene amachepetsa liwiro pa timagalimoto ta zaka zimenezo: mukaponda pang'ono, mbali ina ya magetsi imathera mwa iwo ngati kutentha, ndipo amatentha moti udzu wouma ukawakhudza umayaka. Onaninso waya uliwonse ngati makoswe anaudya.

Zikatero, bwerekani mabatire atatu a galimoto wamba a 12V otchajidwa bwino ndi kuwalumikiza mondondozana, mutu wa + wa ina ku mutu wa − wa inzake, kuti pamodzi apereke 36V. Ena mwa timagalimoto takale ali ndi waya wina wotenga moto pakati pa mzere wa mabatire kuti poyenda chambuyo liwiro lizichepa. Mukaupeza, ukulungeni ndi tepi ndipo muyese kupita kutsogolo kokha. Tsegulani kiyi, ikani chogwirira pa F (kutsogolo), pondani pang'onopang'ono, ndipo tcherani khutu. Mukamva kuti "tcha" pansi pa mpando, imeneyo ndi solenoid, swichi yaikulu imene imalola moto kupita ku mota. Ikalira matayala n'kuyamba kuzungulira, dziwani kuti mtima wa kagalimotoko ukugunda, ndipo zotsala zonse n'zotheka kukonza. Musaponde mpaka pansi matayala ali m'mwamba, chifukwa mota ya mtundu umenewu ikapanda katundu imathamanga mopitirira muyeso mpaka kudziwononga.

Solenoid ikalira koma matayala osazungulira, kapena ikangokhala chete, musataye mtima msanga. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono: timaswichi tating'ono ta pa chopondera ndi pa chogwirira cha F ndi R (kutsogolo ndi kumbuyo), solenoid yopsa m'kati, kapena mkuwa wa pa chosinthira liwiro umene wachita ndere zobiriwira ndipo ungofunika kupala ndi sandipepa. Apa mpofunika munthu wodziwa magetsi a galimoto amene ali ndi mita yoyezera ndipo amatsata waya umodziumodzi, osati wongolumikiza mawaya mwachisawawa kuti aone chimene chichitike. Mota yeniyeniyo siifa wamba; zimene zimatha ndi mabulashi ndi mabering'i, ndipo amisiri okonza mastata ndi ma alternator amazidziwa bwino zimenezi.

Pali chaja, chimene simunachitchule m'kalata yanu, ndipo ndikukupemphani kuti muchifunefune kumudzi asanachigulitse kwa ogula zitsulo. Mukachipeza, werengani kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwake musanachilowetse ku khoma. Chikakhala chogulidwa ku South Africa ndiye kuti ndi cha 230V monga magetsi athu, koma timagalimoto tambiri timachoka ku America pamodzi ndi machaja a magetsi a kumeneko, a 110 mpaka 120V. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi. Zaka zapitazo munthu wina anandibweretsera chaja chotero chitasinthidwa kale pulagi kukhala ya mano atatu ngati yathu, ndipo ine osawerenga ndinangochibaya ku khoma. Chinang'ung'udza kamphindi, kenako utsi ndi fungo la vanishi wopsa zinadzaza chipinda chonse, ndipo ndinalipira ndekha. Safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti machaja ambiri odzizimitsa okha sayamba n'komwe akapeza mabatire opanda moto, choncho chaja chikakhala chete pa mabatire akalewo si umboni woti chinafa.

Mota ikatsimikizika kuti ili moyo, ndipo felemu ili bwino, pitani mukafunse mtengo wa mabatire asanu ndi limodzi a 6V a mtundu wotha kutsitsidwa moto kwambiri ndi kutchajidwanso kambirimbiri, umene ogulitsa amautcha deep cycle. Odziwika kwambiri pa timagalimototi ndi Trojan T-105, a 225Ah (muyeso wa moto umene amasunga), ndipo poti ena amawagwiritsanso ntchito pa sola, ogulitsa zipangizo za sola ndi amene angakuthandizeni kuwapeza kapena kupeza ofanana nawo. Mtengowo muuone ndi maso anu, muwonkhetsere matayala anayi, mabuleki ndi malipiro a amisiri, kenako mukhale pansi ndi kudzifunsa ngati mukufunadi kupitiriza. Ndikudziwa kuti mudzayesedwa kungogula mabatire atatu a galimoto wamba poona kuti anayendetsa mota pa chiyeso chija. Amenewo anapangidwira kulizira injini kwa masekondi ochepa, ndipo mukamawatsitsa moto tsiku ndi tsiku sakhalitsa. Musasakanizenso atsopano ndi akale, chifukwa yofooka imodzi imakokera pansi anzake onse. Mabatire a lithium ndi opepuka, safuna madzi ndipo amakhalitsa, koma amafuna chaja chawochawo ndiponso ndalama zambiri poyamba. Pa kagalimoto ka 1992 kamene kadakali ndi mawaya otentha aja, ine sindingawaike ndisanasinthe kaye njira yonse yochepetsera liwiro kukhala yamakono, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yapadera.

Mabatire atsopano amafuna chisamaliro chimene atsibweni ayenera kuti ankachidziwa bwino. Muzithira madzi a batire okhaokha, aja amagulitsidwa m'mabotolo pomwetsera mafuta, osati a pampopi kapena pa mjigo. Thirani mukamaliza kutchaja, pokhapokha ngati timbale taonekera pamwamba, apo mumathira ongokwanira kutimiza musanayambe. Tchajani pamalo opita mphepo mpando uli wotsegula, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, chifukwa potchaja pamatuluka mpweya wa hydrogen umene umaphulika. Mabatire onse pamodzi akadzadza ndi kupuma maola angapo, mita iyenera kuonetsa pafupifupi 38.2V, ikafika cha m'ma 36.3V ndiye kuti theka la moto latha, ndipo ndi nthawi yobwerera kunyumba. Kubwezeretsa theka limenelo kumatenga usiku wonse ndi mayunitsi a magetsi asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati kwanuko magetsi amazimazima, chizolowezi chikhale chotchaja tsiku lililonse mukakagwiritsa ntchito, osadikira kuti kafooke. Mawaya olumikiza mabatirewo musinthe onse. Waya wokhuthala wa makina owotcherera, wa 16 kapena 25 mm², amagwira bwino ntchitoyi akaikidwa mitu yofinyidwa molimba.

Mabuleki musawanyalanyaze poganiza kuti kagalimotoko kamayenda pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita 20 pa ola. Ali kumatayala akumbuyo okha, amakokedwa ndi zingwe zachitsulo, ndipo zingwezo zikakhala zaka zinayi pa mvula zimauma m'kati mwa zikopa zake. Mabatire okha akulemera makilogalamu pafupifupi 170, kuwonjezapo anthu awiri, ndiye pa chitsetse mudzafuna mabuleki enieni. Matayala ake ndi a 18x8.50-8, ndipo ong'aluka m'mbali ndi otaya ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Timphira ta pa masipuling'i, girisi wa chiwongolero ndi oyilo wa m'magiya akumbuyo ndi zotsika mtengo, makaniko aliyense angasinthe tsiku limodzi. Kagalimotoka ndi ka pa munda, pa sukulu kapena m'kati mwa mpanda; si koti n'kupikisana nako ndi maminibasi pa msewu wa M1.

Pali nkhani ina imene si ya sipanala. Poti ndi katundu wamasiye, onetsetsani kuti zimene munagwirizana pabanja zalembedwa ndipo ana a malemu asainira, musanaikepo ndalama zanu. Chinthu chikakhala pansi pa mtengo chitaphwa matayala sichikhala ndi mwini wina, koma chikayamba kuwala ndi kuyenda, okumbukira kuti malemu anawalonjeza amatulukira.

Zonsezi zikatheka, mpamene mungaitane wosoka mipando ndi wopenta. Wosoka mipando ya minibasi akhoza kukuta mpandowo ndi chikopa chosalowa madzi, ndipo ngati thabwa la pansi pake lawola, kalipentala adula lina potengera lakalelo. Pa penti ndili ndi pempho limodzi, ngakhale kusankha ndi kwanu. Munalemba kuti pa chiwongolero pali malo amene anasalala ndi dzanja la atsibweni, ndiponso kuti kumbuyo anamangirirako kabokosi kamatabwa konyamulira makasu m'malo mwa zikwama za ndodo za gofu. Ine ndikanakhala inu, chiwongolerocho ndikanangochitsuka ndi sopo, ndipo kabokosiko ndikanakapaka vanishi n'kukabwezera pamalo pake ndi mabawuti atsopano. Mukatulutsa mabatire aja, nditumizireni zithunzi za felemu ndi za kachitsulo ka pa chaja, kuti ndikuuzeni ngati chajacho n'chotheka kuchilowetsa ku khoma la kwanu.